Dzungu silifota ndi chala: ntchito yobisika ya njuchi m'minda ya ku Chiradzulu

Ambiri amene tidakulira kumudzi tikukumbukira lamulo lija lakuti dzungu lanthete saloza ndi chala. Akuluakulu ankati ukaloza, kadzunguko kafota n'kuthothoka. Zinkaoneka ngati zoona ndithu, chifukwa m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, maungu akayanga pakati pa mizere ya chimanga, sipalephera kupezeka timaungu tina tomwe timangofika msinkhu wa dzira la nkhuku, kenako n'kusanduka tachikasu n'kuola. Mwana amene adadutsa m'mundamo dzulo lake ndiye ankasenza mlandu.

Komatu nthawi zambiri mlanduwo sunali wa mwana. Kadzungu kotere kamafota chifukwa m'mawa umodzi wokha umene duwa lake lidatseguka, njuchi sizidabwere, kapena zidabwera zochepa. Zifukwa zina ziliponso, monga ntchentche zoboola zipatso, ng'amba ndi kuguga kwa nthaka, koma chimene alimi ambiri sachiganizira n'komwe ndi ichi cha njuchi. M'boma ngati la Chiradzulu, komwe chimanga, nandolo, nyemba ndi maungu zimalimidwa m'munda umodzi ndipo zokolola zake zambiri zimathera m'misika ya Limbe ndi Blantyre, nkhaniyi ikukhudza mphika wa mlimi komanso wa munthu wa m'tauni.

Zomera nazo zili ndi chimuna ndi chikazi

Duwa si chokongoletsera chabe. Ndi chiwalo choberekera cha chomera. Mbali yake yachimuna imatulutsa ufa wosalala, kawirikawiri wachikasu, umene pa Chichewa timati mungu. Mbali yachikazi ili ndi kamutu konata pamwamba, kakhosi kotsikira pansi, ndi kathumba kosunga timazira kumunsi kwake. Kuti chomera chibereke, mungu uyenera kuchoka kumbali yachimuna n'kukatera pakamutu konata kaja. Kusamuka kwa mungu kumeneku ndi kumene m'mabuku a sukulu a Chingerezi amati pollination.

Kambewu ka mungu kakatera pamalo pake, kamamera kachubu kopyapyala kwambiri kamene kamatsika ndi kakhosi kaja mpaka kukafika pa kadzira kamodzi. Ziwirizi zikakumana, kadzira kamayamba kusanduka njere, ndipo kathumba konse kamayamba kufufuma kukhala chipatso. Chofunika kuchigwira apa n'chakuti njere iliyonse imafuna kambewu kakekake ka mungu. Dzungu limodzi limakhala ndi nthangala mazanamazana, choncho limafuna mungu wambiri, umene njuchi imodzi singathe kuubweretsa paulendo umodzi. Mungu ukafika wochepa, dzungu likhoza kukula ndithu, koma limatuluka lopotoka, lalikulu mbali imodzi, lofota mbali inayo. Ukapanda kufika n'komwe, chomera chimaleka kutumiza chakudya ku kadzunguko, ndipo kamathothoka.

Vuto la zomera n'lakuti sizingayende. Zina zimadalira mphepo, zina zimadzithira zokha mungu m'kati mwa duwa lomwelo, koma zambiri zidapeza antchito olipidwa. Malipiro ake ndi timadzi totsekemera tomwe timakhala pansi pa duwa, timene njuchi zimapangira uchi, komanso mungu womwewo, umene njuchi zimadyetsa ana awo. Mtundu wowala wa duwa ndi fungo lake zili ngati chikwangwani cha pagolosale. Njuchi ikamalowa kukafuna timadzito, ubweya wa pathupi pake umakola mungu, ndipo ikatera pa duwa lina, wina umatsalira pakamutu kaja. Njuchi sidziwa kuti ikugwirira ntchito wina aliyense, yangobwera kudzadya. Chimene chimaipangitsa kukhala wantchito wodalirika ndi khalidwe lake lakuti paulendo umodzi imakonda kutera pa maluwa a mtundu umodzi. Ikayamba ndi maungu, imapitiriza ndi maungu, motero mungu wa dzungu sukatayika pa duwa la therere.

Anthu adachedwa kuzindikira zimenezi. Katswiri wa ku Germany, Christian Konrad Sprengel, adalemba buku lofotokoza ubale wa maluwa ndi tizilombo m'chaka cha 1793, koma anzake a nthawi imeneyo sadalilabadire kwenikweni, mpaka Charles Darwin adadzalikumba patatha zaka zambiri.

M'mawa umodzi wa dzungu

Dzungu ndi chitsanzo chabwino chifukwa zonse zimaoneka ndi maso. Chomera chimodzi chimatulutsa maluwa a mitundu iwiri. Lachimuna limakhala pakamtengo kakatali, kowonda, ndipo m'kati mwake muli kanthu kamodzi koima kodzaza mungu. Lachikazi limakhala pafupi ndi tsinde, ndipo kumunsi kwake kumakhala kale kadzungu kakang'ono, duwa lisanatseguke n'komwe. Apa ndi pamene ambiri timasokonezekera. Tikaona kadzungu kaja timati dzungu labereka, pomwe likadali kuyembekezera mlendo.

Maluwa achimuna ndi amene amayamba kutuluka, ndipo amakhala ochuluka kuposa achikazi. Onse amatseguka m'bandakucha, dzuwa likamafika pamutu amakhala atafota, ndipo satsegukanso. Mungu wa dzungu ndi wolemera komanso womata, mphepo singaunyamule. Tsono zonse zimatsamira pa maola ochepa a m'mawawo. Kukacha ndi mvula yamvumbi, njuchi sizituluka mokwanira. Ngati wina wapopera mankhwala m'munda woyandikana nawo dzulo lake, mwina zotuluka zimakhala zitachepa kale.

Amayi amene amathyola chiluwe adadziwa kalekale mbali ina ya sayansi imeneyi, ngakhale sadaitchule dzina. Wodziwa kuthyola amatenga maluwa opanda kadzungu kumunsi, n'kusiya enawo. Chongowonjezera n'chakuti ndi bwino kuthyola dzuwa litakwera, njuchi zitamaliza ulendo wawo, komanso kusiyako maluwa achimuna angapo. Munda umene chiluwe chonse chathyoledwa m'mamawa kupita nacho kumsika wa Mbulumbuzi kapena Namadzi udzapereka ndiwo lero, koma maungu a m'mwezi wa Epulo adzachepa.

Chimanga chili ndi njira yake, ndipo sichidalira njuchi. Ngayaye ndiyo mbali yachimuna, ndevu ndizo mbali yachikazi. Chimanga chikamasula, ngayaye imodzi imatulutsa timbewu ta mungu mamiliyoni, topepuka, tomwe mphepo imamwaza m'munda monse. Ndevu iliyonse imatsikira pa njere imodzi, ndipo ndevu yomwe sidalandire mungu imasiya gweru pachisononkho. N'chifukwa chake ng'amba yogwa nthawi yomasula imapweteka kuposa ya nthawi ina iliyonse: ndevu zimachedwa kutuluka, ndipo zikamatuluka zimapeza mungu utatha. Zotere zidaoneka m'minda yambiri ya m'chigawo cha kummwera m'nyengo ya ulimi ya 2023/24, pomwe mphepo ya El Niño idadula mvula, boma n'kulengeza m'mwezi wa Malichi 2024 kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi. Mphepo yomweyo ndi imene imachititsa kuti mupeze njere zachikasu kapena zofiirira m'chimanga choyera: mungu wa m'munda wa mnansi sudziwa malire.

Nandolo ndi bemberezi

Mbewu imene anthu a ku Chiradzulu amaidalira pa ndiwo ndi ndalama pamodzi ndi nandolo. Amadzalidwa pamodzi ndi chimanga, amatsala m'munda chimanga chikakololedwa, ndipo amachita maluwa nthawi yozizira, pomwe zomera zambiri zauma. Dzina la mtundu wotchuka wa Mthawajuni likunena za nyengo yomweyo. Nandolo wambiri wa m'dziko muno amagulitsidwa ku India, ndipo m'chaka cha 2021 maiko awiriwa adasainirana mgwirizano woti India azigula matani 50,000 pachaka kwa zaka zisanu.

Duwa la nandolo lili ndi mbali zonse ziwiri, ndipo limatha kudzithira lokha mungu. Koma likachezeredwa ndi njuchi, makoko ogwira amachuluka ndipo njere zimadzaza bwino. Duwali ndi lotsekeka ngati kabokosi, motero limafuna mlendo wamphamvu woti alikanule. Mlendo wotere ndi bemberezi, chinjuchi chachikulu chakuda chija chimene chimaboola mapaso a nyumba ndi mitengo youma, chomwe ana amachithamangitsa ndi zitsamba. Bemberezi sapanga uchi woti munthu n'kufula, n'chifukwa chake palibe amene amamuwerengera. Koma ndi iyeyo amene amaberekesa magalagadeya, omwe maluwa ake ndi aakulu moti njuchi wamba imatha kumwa timadzi osakhudza mbali yachikazi. Ndi iyenso amene amathandiza matimati ndi mabiringanya. Mungu wa matimati umakhala wotsekeredwa m'timachubu, ndipo umatuluka pokhapokha duwa likagwedezeka. Bemberezi amaligwira n'kunjenjemeretsa thupi lake, kulira kuja timakumva, mungu n'kuthothoka ngati mchere wa m'botolo. Njuchi ya uchi luso limeneli ilibe.

Akatswiri a kusukulu ya ukachenjede ya Würzburg ku Germany, mogwirizana ndi bungwe la Soils, Food and Healthy Communities la ku Ekwendeni, adachita kafukufuku pa nandolo m'boma la Mzimba, ndipo zotsatira zake zidatuluka mu 2021. Adapeza njuchi zambiri pa maluwa a nandolo m'madera amene minda idachuluka kuposa tchire. Izi zikumveka: kumalo kumene tchire lidatha, nandolo ndiye chakudya chotsala cha njuchi m'chilimwe. Tsono ubalewu ndi wa mbali ziwiri. Njuchi zimathandiza nandolo kubereka, nandolo amasunga njuchi mpaka mango ndi mitengo ina itachita maluwa.

Sikuti kachilombo kalikonse kopezeka pa duwa ndi bwenzi. Zikumbu zakuda za mizere yofiira kapena yachikasu, zimene ena amati dzodzwe, zimadya maluwa a nandolo ndi khobwe, ndipo mbozi zoboola makoko zimaononga kwambiri. Vuto limabwera pamene mlimi, pofuna kupha adaniwa, wapopera mankhwala m'mawa dzuwa likuwala, maluwa ali otseguka, abwenzi ali pantchito.

Antchito ena sitiwaona chifukwa amagwira usiku, kapena chifukwa timanyansidwa nawo. Mitengo yambiri ya mapapaya imakhala yachimuna payokha, yachikazi payokha, ndipo mungu umanyamulidwa madzulo ndi agulugufe a usiku a milomo yaitali. Amene amadula mitengo yonse yachimuna pamudzi poti siibereka amadzadabwa yachikazi ikuyoyola maluwa. Mango amadalira kwambiri ntchentche, kuphatikizapo zobiriwira zija timazipirikitsa pa nsomba. Ndipo mwambi uja wakuti chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere uli ndi nkhani ina kuseri kwake. Nkhuyu ndi thumba la maluwa ang'onoang'ono oyang'ana m'kati. Kamavu kakakazi, kochepa ngati njere ya chitowe, kamalowa pa kabowo ka kunsonga katanyamula mungu wa mkuyu wina, n'kuikira mazira m'katimo. Ana akaswa, aamuna amakhala opanda mapiko, ndipo ena mwa amene timawayesa nyerere tikang'amba nkhuyu ndi iwowa. Popanda timavuti, mkuyu sungakhale ndi njere zomera.

Chimene chili pachiswe

Lipoti lalikulu la bungwe la akatswiri a zachilengedwe a maiko osiyanasiyana la IPBES, lomwe lidatuluka mu 2016, lidati mitundu ya mbewu zachakudya yoposa 75 mwa 100 iliyonse imapindula ndi tizilombo, mbalame kapena mileme yonyamula mungu, ndipo pafupifupi 90 mwa 100 ya zomera zakutchire zochita maluwa zimadalira zomwezo. Mitundu ya njuchi padziko lapansi ndi yoposa 20,000, ndipo yambiri sikhala m'ming'oma: imakumba pansi, imaboola mitengo, imakhala yokhayokha. Lipotilo lidachenjeza kuti m'madera amene kawerengedwe kadachitika, mitundu yambiri ya njuchi ndi agulugufe ikuchepa.

Wina anganene kuti bola chimanga, chinangwa ndi mbatata sizifuna njuchi, ndiye nsima sidzasowa. N'zoona. Koma chimene chingasowe ndi ndiwo ndi zipatso: maungu, nkhaka, therere, mapeyala, mango, mapapaya, mpendadzuwa wa mafuta ophikira, ngakhalenso njere za mpiru ndi anyezi zodzala chaka chamawa. Zambiri mwa izi ndi zimene zimapereka mavitamini, m'dziko lomwe kafukufuku wa zaumoyo wa 2015/16 adapeza kuti ana 37 mwa 100 osakwana zaka zisanu ndi opinimbira. Chaka ndi chaka mkangano wa ulimi m'dziko muno umazungulira pa feteleza, makuponi ndi mitengo yake. Feteleza ndi wofunika, palibe akutsutsa, koma ngakhale matumba khumi sangasandutse duwa la dzungu kukhala dzungu. Mwambi umati chulukechuluke ngwa njuchi, umanena iyo yakuluma, ndipo zikuoneka kuti ifenso njuchi timaikumbukira ikatiluma basi.

Chiradzulu ili ndi zifukwa zake zodera nkhawa. Kalembera wa 2018 adapeza anthu 356,875 m'bomali, oposa 450 pa sikweya kilomita imodzi, pomwe dziko lonse lidali ndi 186. Kumalo kothithikana chonchi, munda umalimidwa mpaka m'malire, m'mbali mwa mtsinje ndi m'mapiri momwe. Tchire la m'malire, limene limachita maluwa nthawi zosiyanasiyana pachaka, limatha. Chitsa ndi nthambi youma, momwe bemberezi akadamanga nyumba, zimapita pamoto tsiku lomwelo. Nkhalango ya m'phiri la Chiradzulu, ngakhale ndi yotetezedwa ndi boma, yakhala ikudulidwa, ndipo thumba la makala limene timagula ku Ndirande, Bangwe kapena Machinjiri limachokera m'mitengo ya maboma ozungulira mzindawu. Namondwe wa Freddy atagumula mapiri ndi kukokolola midzi m'bomali m'mwezi wa Malichi 2023, anthu adalankhula kwambiri za mitengo ngati chogwira nthaka. Mitengo yomweyo ndi nyumba ndi nkhokwe ya njuchi. Onjezanipo moto wolusa wa osaka mbewa, umene umapsereza zisa za njuchi za pansi, ndi kufula uchi ndi moto kumene kumapha chisa chonse pofuna uchi wa tsiku limodzi.

Kenako pali mankhwala. Chibwerereni mbozi za ntchemberezandonda za mtundu watsopano, zomwe zidachititsa boma kulengeza ngozi m'maboma 20 m'mwezi wa Disembala 2017, kupopera chimanga kudasanduka chizolowezi ngakhale kwa alimi amene kale sankapopera. Alimi a matimati ndi kabichi m'madimba amapopera kawirikawiri. Mankhwala ngati cypermethrin ndi dimethoate, omwe amapezeka m'sitolo zambiri za zipangizo za ulimi, sasankha: amapha mbozi, amaphanso njuchi. Ngakhale chimanga sichifuna njuchi, njuchi zimapita pa ngayaye kukatola mungu, ndipo pansi pa chimanga chomwecho pali maungu ndi nyemba zikuchita maluwa. Maiko a mu European Union adaletsa mu 2018 kugwiritsa ntchito panja mankhwala atatu, imidacloprid, clothianidin ndi thiamethoxam, chifukwa cha umboni woti amaononga njuchi. Kuno kwathu udindo wovomereza ndi kuyang'anira mankhwala uli m'manja mwa bungwe la Pesticides Control Board, koma bungwe silingaime m'dimba lililonse. Mankhwala othiridwa m'kabotolo kopanda chizindikiro, ogulidwa pamsika, safotokoza mlingo wake kapena nthawi yoyenera kupopera.

Sitikunena kuti mlimi aleke kuteteza mbewu zake. Munthu amene chakudya cha chaka chonse chili pa theka la ekala sangaonerere mbozi zikudya. Koma nthawi yopopera ikhoza kusintha popanda kuonjezera ndalama: madzulo dzuwa litapendeka, njuchi zitabwerera, kopanda mphepo, ndiponso kupewa kupopera mbewu ili pachimake cha maluwa. Kuyendera munda kaye n'kuona ngati mbozi zafikadi pofunika mankhwala kumapulumutsa njuchi ndi ndalama zomwe. Kusiya kamzere ka tchire m'malire, kudzala mpendadzuwa kapena mitengo ya zipatso m'mbali mwa munda, ndi kusiya chipika chimodzi chouma pakona, n'zinthu zazing'ono zimene zimasunga antchitowa pafupi. Ming'oma yamakono, imene amafula ndi utsi wochepa osapha njuchi, imapereka uchi wogulitsa, ndipo njuchi zake zimayendera minda ya pamtunda wa makilomita awiri kapena atatu, ya mwini mng'oma ndi ya anansi omwe. Bungwe la United Nations lidakhazikitsa 20 Meyi kukhala tsiku lokumbukira njuchi kuyambira 2018, ndipo kuno tsikuli limafika nandolo akuyandikira kapena atayamba kale maluwa.

Kwa amene ali ndi mapando awiri kapena atatu a maungu kuseri kwa nyumba m'tauni, komwe njuchi zimasowa, ntchitoyi ikhoza kugwiridwa ndi manja. Dzukani m'mamawa, maluwa akangotseguka. Thyolani duwa lachimuna, chotsani masamba ake achikasu kuti patsale kanthu ka mungu kaja, ndipo kakhudzitseni mofatsa pakamutu ka m'kati mwa duwa lachikazi, mbali zonse. Pakatha masiku atatu kapena anayi, kadzungu kamene kalandira mungu kamaoneka kakufufuma, kobiriwira bwino, ngakhale mwana akaloze ndi chala.

M'madera ena a m'chigawo cha Sichuan ku China, komwe tizilombo tonyamula mungu tidachepa m'minda ya zipatso, alimi akhala akukwera m'mitengo ndi timaburashi m'manja, kupaka mungu duwa limodzilimodzi. Zimatheka kumeneko chifukwa chipatso chimodzi chimagulitsidwa pamtengo wobweza thukuta. Phando limodzi la nandolo limatulutsa maluwa mazanamazana, ndipo m'munda umodzi wa kwa Kadewere kapena kwa Likoswe muli mapando zikwi.